Penshoni ya machona: ukalamba m'malokeshoni a Harare

M'chaka cha 1936 boma la atsamunda ku Southern Rhodesia linachita zinthu ziwiri zimene mpaka lero zikusautsa nkhalamba za ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku. Linakhazikitsa lamulo la penshoni ya okalamba, loti mzungu, mkaladi kapena mmwenye wa zaka 60 amene alibe chuma chomukwanira azilandira ndalama mwezi ndi mwezi kuchokera m'thumba la boma, osafunsidwa ngati anasonkhapo kanthu ali mnyamata. Munthu wakuda sanamuwerengere. Chaka chomwecho, mu Salisbury, amene lero ndi Harare, boma lomwelo linasainirana pangano ndi maboma a Nyasaland ndi Northern Rhodesia lolongosola kayendedwe ka amuna obwera kudzagwira ntchito kumwera kwa Zambezi. Mphamvu za anthuwa boma linkazifuna, koma ukalamba wawo linaukana lisanawaone n'komwe.

Wofunsa chifukwa ankayankhidwa kuti munthu wakuda ali ndi kwawo. Ali ndi munda m'madera amene lamulo la malo la 1930 linapatulira anthu akuda, ali ndi ng'ombe, ali ndi ana omulimira. M'tauni wangobwera kudzasaka ya msonkho, mphamvu zikatha abwerera. Kwa Mshona wa ku Murehwa kapena ku Seke mawuwa anali ndi kachoonadi pang'ono, ngakhale minda yakeyo inali yamchenga ndi yothinana. Koma kwa mwamuna wa ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, amene anawoloka Zambezi ndevu zisanamere, kwawo kunali ulendo wa milungu ingapo wapansi, ndipo chaka chilichonse kunkatalikirabe.

Anthuwa sanali ochepa. Komiti imene boma la Nyasaland linakhazikitsa mu 1935, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ambiri mwa iwo ku Southern Rhodesia. Chinawatulutsa m'midzi ndi msonkho wa nyumba, thangata ndi malipiro onyozeka a m'maesiteti. Ena oyambirira anatengedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene anthu ankangoliti Chibalo. Ambiri ankapita okha, ulendo wa selefu, kudzera ku Tete ndi ku Mutoko. Kenako kunabwera malole a Ulere, ndipo itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kunadza bungwe lina lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Kufikira cha m'ma 1950, ambiri mwa anthu akuda ogwira ntchito mu Salisbury anali obwera, a ku Nyasaland, a ku Mozambique ndi a ku Northern Rhodesia. Ndiwo ankaphika m'nyumba za azungu, kutapa zimbudzi za khonsolo usiku, kunyamula katundu kunjanji, ndiponso kulemba m'maofesi ngati anadutsa ku Livingstonia kapena ku Blantyre Mission. Pangano lina la 1947 linawonjezera kuti gawo la malipiro a munthu lizisungidwa n'kukaperekedwa kumudzi, ndipo mwiniwakeyo azibwerera pakatha zaka ziwiri. Zonse zimene maboma atatuwa anakonzera tsogolo la Mnyasa zinathera pa ulendo wobwererawo.

Moyo wa munthu sutsata pangano la maboma. Mnyamata uja anakwatira mkazi wa Chishona, ana anabadwa, analowa sukulu, makalata opita kumudzi anayamba kuchepa mpaka analekeka. Kwathu anthu otere tinawatcha machona, ndipo timawanena ngati anthu osalabada za abale. Koma tiyeni tione chimene chinkamudikira munthuyu akanati abwerere atatha zaka 30. Pakati pa Achewa, Ayao, Amang'anja ndi Alomwe munda umayenda ndi mbumba, mwamuna amakalima kwa mkazi wake pachikamwini. Uyu mkazi wake ndi wa ku Mutoko, makolo ake anamwalira iye kulibe, alongo ake anagawira kale ana awo minda. Akafikira pa yani, chimanjamanja chotero? Ana ake ndiye zinawathina koposa. Mwambo wa Chishona umati mwana ndi wa bambo, choncho kwa amayi awo ndi alendo. Mwambo wa kwa bambo awo umati mwana ndi wa mayi, choncho kumenekonso ndi alendo. Mudzi umene lamulo la 1936 linkadalira kuti usunga nkhalamba, banja ili linalibe uku ndi uku komwe.

Ngakhale nyumba ya m'lokeshoni sinali yake. Harari, lokeshoni yakale imene lero ndi Mbare, inatsegulidwa mu 1907, ndipo pambuyo pake munamangidwa mahositelo a amuna okhaokha monga Matapi. Highfield inabwera m'ma 1930. Lamulo la 1946 lokhudza malo ogona ndi kalembera wa anthu akuda m'matauni linamangirira nyumba ku ntchito, kotero kuti bwana ndiye ankalipira lendi ku khonsolo, ndipo ntchito ikatha, pogona pathanso. Mabvuku ndi Tafara kum'mawa, pafupi ndi fakitale ya simenti, komanso Dzivarasekwa kumadzulo, anamangidwa makamaka kuti muzigona antchito a m'nyumba za azungu. Rugare inali ya anthu a njanji. Mufakose ndi Glen Norah anatsatira. Ndi ochepa okha, monga ku Kambuzuma ndi mbali zina za Highfield, amene analoledwa kugula. Wotopa ntchito ankatsanzikidwa ndi wotchi, njinga, bulangete kapena kandalama kolandira kamodzi, malinga ndi mtima wa bwana, basi aone msewu.

Poona kuti palibe wowaganizira, obwerawa anadzipangira zawo, ndipo anayambira pa chimene ankachiopa kwambiri, kufera kuchilendo n'kuikidwa ndi akaidi m'manda a anthu opanda mwini. Mabungwe othandizana pa maliro, amene lero ali paliponse m'Zimbabwe, anazika mizu msanga pakati pa Anyasa. Anthu ochokera dera limodzi ankasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akagwa papezeke bokosi, nsalu, ufa wodyetsa olira, ndi wokanena uthenga kumudzi. Mipingo inachita zomwezo. A Nkhoma anatumiza Mbusa T. C. B. Vlok ku Salisbury mu 1912 kukatsata nkhosa zawo, ndipo ntchitoyo inakula kufikira mu 1965 pamene inakhala sinodi ya CCAP payokha, imene lero ndi Sinodi ya Harare. Ayao anamanga mizikiti. Gule Wamkulu, amene Ashona amati zvigure, anasamuka ndi eni ake, ndipo ku Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa anakhala ubale wa anthu opanda abale. Magulu onsewa anagwira ntchito yotamandika, koma mphamvu zawo zinkathera kumanda. Maliro amatha m'masiku atatu, pamene munthu wopuma pantchito angakhale ndi moyo zaka 15 kapena 20, ndipo za zaka zimenezo kunalibe thumba.

Mathumba a penshoni a pantchito analipo, ku njanji, ku migodi, ku makhonsolo ndi m'makampani akuluakulu, koma kwa nthawi yaitali anali a azungu, ndipo akuda analowamo mochedwa, pang'onopang'ono, ndi malipiro oti ngakhale utasunga zaka 20 sizikhala kanthu. Lamulo loyang'anira mathumbawa linabwera mu 1976. Chaka chotsatira Duncan Clarke anatulutsa buku la momwe okalamba akuda ankakhalira m'Rhodesia, ndipo mfundo yake inali yakuti mabwana ankadya phindu la unyamata wa antchito n'kusiyira amphawi a kumudzi katundu wa ukalamba wawo. Amene analibe mudzi ankathera kuti? Ankathera m'nyumba zosungira nkhalamba, monga ya Society for the Destitute Aged ku Highfield kapena Bumhudzo ya Salvation Army ku Chitungwiza. Andrew Nyanguru, atafufuza nyumba zoterezi ufulu utabwera kale, anapeza kuti ambiri okhalamo anali amuna obadwira ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia. Kwa ife, amene timaona kusiya kholo m'manja mwa alendo ngati chinthu chamanyazi, mfundo imeneyi ndi yowawa, poti ambiri mwa madalawa ndi amalume athu amene tinasiya kuwafunsa.

Tsono linafika tsiku la ufulu, 18 Epulo 1980. Boma la Robert Mugabe linapeza lamulo la 1936 likadalipo, lonunkha tsankho, ndipo panali njira ziwiri zochotsera tsankholo. Likanatha kutsegula chitseko kuti nkhalamba iliyonse ilowe, kapena kutseka kuti pasalowenso wina. Linatseka. Amene ankalandira kale anapitiriza, koma penshoni ya okalamba yochokera ku misonkho inafa m'chaka cha ufulu, ndipo sinadzukenso. Zifukwa zake n'zomveka: azungu anali ochepa, akuda anali mamiliyoni, dziko linkatuluka m'nkhondo, ndipo ndalama zinkafunika ku masukulu ndi zipatala, kumene boma linachitadi zazikulu m'zaka zimenezo. Komabe ine ndimaona kuti apa ndi pamene njira inasokera. South Africa, imene inayamba penshoni yotere mu 1928 ya azungu ndi makaladi okha, inalowetsamo akuda mu 1944 pa ndalama zochepa, n'kufananiza onse mu 1993. Zimbabwe inafananiza anthu ake powamana onse, ndipo osazindikira inatengera ganizo lenilenilo la atsamunda, loti nkhalamba yakuda idzasungidwa ndi mudzi.

Chinthu chimodzi chimene boma latsopanolo linachitira okalamba a m'malokeshoni sichinatchedwe penshoni, koma ndicho chinawasunga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 linalamula kuti nyumba zambiri za makhonsolo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo. Mdala wa ku Mufakose amene kwa zaka 25 ankagona ndi mantha a kuthamangitsidwa anakhala mwini nyumba ya zipinda zinayi ndi kabwalo kuseri. Pakabwalopo anamanga kachipinda, kenako kena, n'kuikamo anthu a lendi, amene ku Harare amati maroja. Iye ndi mkazi wake ankatha kupanikizana m'chipinda chimodzi kuti zinazo zibweretse ndalama. Mayi ankalima timinda ta chimanga ndi mbatata m'mbali mwa misewu ndi m'madambo a mtsinje wa Mukuvisi kapena Marimba, n'kumagulitsa tomato pageti. Mshona akapuma pantchito ankasiyira ana nyumba n'kupita kumudzi. Mnyasa ankakhala pomwepo, n'chifukwa chake m'malokeshoni akale eni nyumba ambiri okalamba ali ndi mayina a Phiri, Banda ndi Mwale.

Penshoni ya dziko lonse inachedwa zaka 14. Lamulo lokhazikitsa National Social Security Authority, imene aliyense amangoti NSSA, linadutsa mu 1989, ndipo kusonkha kunayamba mu Okutobala 1994, wantchito 3 peresenti ya malipiro ake, bwana 3 peresenti. Kuti munthu azilandira mwezi ndi mwezi akafika zaka 60, kapena 55 ngati ntchito yake inali yakalavulagaga, ayenera kukhala atasonkha miyezi 120. Wosakwanitsa amapatsidwa ndalama kamodzi. Mbadwo umene unabwera pa Ulere ndi pa Mthandizi unali utapuma kale kapena unatsala ndi zaka zochepa, choncho sitimayi inawasiya. Antchito a m'nyumba, ntchito imene inamangitsa Mabvuku ndi Tafara, sanaikidwemo. Ogulitsa ku Mbare Musika ndi okhoma zitini ku Siyaso nawonso ayi. Komanso NSSA inabadwa pamene ntchito zolembedwa zinkatha, chifukwa kuyambira mu 1991 ndondomeko yokonzanso chuma ya ESAP inali ikutseka mafakitale ndi kuchotsa anthu ku Workington, Southerton ndi Willowvale. Dongosolo loti udzadye zimene unasonkha pantchito linafika m'dziko limene anthu ochuluka sankakhalanso ndi ntchito yosonkherapo.

Sikuti boma silinkadziwa kupereka penshoni kwa munthu wosasonkha. Mu Ogasiti 1997 asilikali akale a nkhondo ya ufulu, motsogozedwa ndi Chenjerai Hunzvi, anasokoneza Mugabe akuyankhula pa tsiku lokumbukira ngwazi, ndipo pasanapite nthawi analonjezedwa Z$50,000 aliyense ndi Z$2,000 mwezi uliwonse. Anali anthu pafupifupi 50,000, ndipo ndalamazo sizinali mu bajeti. Pa 14 Novembala chaka chomwecho dola ya Zimbabwe inagwa ndi 70 peresenti ndi kupitirira m'maola ochepa. Nkhani imeneyi imaphunzitsa mbali ziwiri. Otsutsa penshoni ya onse amaloza pomwepa kuti onani zimene zimachitika boma likagawa ndalama zimene lilibe, ndipo sakunama. Koma imaonetsanso kuti ndalama zimapezekera amene angathe kuopseza boma. Gogo wa ku Dzivarasekwa amene anachapa zovala za azungu zaka 40 sangaopseze munthu.

Kuyambira mu 2000 anthu a magazi a ku Malawi anakanthidwa motsatizana. Kulanda mafamu kunabalalitsa antchito a m'mafamumo, ambiri a iwo ana ndi adzukulu a machona, ndipo ena anadzaunjikana ku Epworth ndi kwa abale m'malokeshoni. Malokeshoni atavotera chipani chotsutsa cha MDC, Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare pamsonkhano kuti ndi obwera opanda mfunda. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, n'kulamula kuti aliyense amene angakhale ndi ufulu wa unzika wa dziko lina aukane m'miyezi isanu ndi umodzi, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Anthu obadwira ku Harare, amene Malawi ankangoimva m'nthano za bambo awo, anapezeka ndi zitupa zowalemba kuti ndi alendo, osaloledwa kuvota. Kenako mu Meyi 2005 kunabwera Murambatsvina. Apolisi ndi magalimoto ogumula analowa ku Mbare, Glen View, Mabvuku ndi kwina konse, n'kugwetsa misika ndi tizipinda takuseri tomwe tinamangidwa popanda chilolezo cha khonsolo, nthawi zina kukakamiza eni ake kugumula okha ndi manja awo. Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, anawerengera kuti anthu 700,000 anataya pokhala, pogwira ntchito, kapena zonse ziwiri. Manyuzipepala ankanena za maroja ogona panja m'nyengo yozizira, ndipo n'zoyenera. Sanatchule kawirikawiri kuti kachipinda kalikonse kogwa kanali malipiro a mwezi a nkhalamba ina. Ogumulidwawo ankauzidwa kuti abwerere kumudzi, mawu omwe aja a 1936, ndipo opanda mudzi ena anakatayidwa ku Caledonia Farm, kuseri kwa Tafara.

Amene anali ndi mwayi wa penshoni ya pantchito, tsoka lawo linadzera ku banki. Mitengo inakwera mpaka chiwerengero cha boma cha Julayi 2008 chinafika 231 miliyoni peresenti. Banki yaikulu, pansi pa Gideon Gono, inadula maziro atatu pa ndalama mu Ogasiti 2006, khumi mu Ogasiti 2008, ndi ena 12 mu Febuluwale 2009, itasindikiza kale pepala la 100 thililiyoni. Wantchito amatha kunyanyala kuti amukwezere, wogulitsa amasintha mtengo masana, koma penshoni ndi nambala yolembedwa kalekale imene siyenda. Madala a njanji ku Rugare ndi a khonsolo ku Mbare anasiya kupita kukalandira chifukwa basi yopita m'tauni inkadula kuposa ndalama yokatengayo. M'miyezi yomweyo kolera, imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse, inali ikusesa ku Budiriro ndi Glen View. Dziko litayamba kugwiritsa ntchito madola a ku America mu 2009, anthu amene anasonkha zaka 30 anauzidwa kuti thumba lawo latsala madola ochepa, ena anauzidwa kuti mulibe kanthu. Mu 2015, potsekeratu ndalama yakale, banki yaikulu inalipira madola 5 pa akaunti iliyonse imene munali ndalama zosapitirira 175 yotsatana ndi maziro 15.

Opuma pantchito anali ndi funso limene silinafune sukulu. Nyumba zazitali za m'kati mwa Harare, zimene mathumba a penshoni ndi makampani a inshuwalansi anamanga ndi ndalama zathu, zikadaima ndipo zikulandira lendi ya madola, nanga bwanji mukuti zathu zinapsa? Mu 2015 Mugabe anakhazikitsa komishoni yofufuza, wapampando wake woweruza wopuma George Smith, ndipo lipoti lake linaperekedwa mu 2017 n'kutulutsidwa poyera mu 2018. Linavomereza kuti kukwera mitengo kunawononga zambiri, makamaka ndalama zimene lamulo linkakakamiza mathumbawa kubwereketsa boma. Koma linati si zokhazo. Boma silinapereke ndondomeko yosinthira ndalama mu 2009, kotero thumba lililonse linawerengera mwa njira yake. Bungwe loyang'anira, IPEC, linali lofooka. Ndalama zambiri zinkathera kuyendetsa maofesi. Mabwana ena, kuphatikizapo makhonsolo ndi makampani a boma, ankadula ndalama pa malipiro a antchito koma osazipereka ku thumba. Mabuku a anthu anasokonekera. Komishoniyo inati olakwiridwa abwezeredwe.

Lipotilo likadali m'manja mwa akuluakulu, chinthu chomwecho chinachitikanso kachiwiri. Penshoni yotsikitsitsa ya NSSA inali itakwera kufika madola 80 mu 2017, yochepa inde, koma yogula ufa, mafuta ophikira ndi mankhwala a BP. Mu Febuluwale 2019 boma linalamula kuti madola a m'mabanki asanduke ndalama yatsopano ya RTGS, imodzi kwa imodzi, ndipo Khoti Lalikulu la Apilo linavomereza zimenezi mu Januwale 2020. Pofika kumapeto kwa 2019 dola imodzi ya ku America inkagulidwa ndi ma RTGS oposa 15 ku banki, pamsewu kuposa apo. NSSA inkakweza, mitengo inkathamanga kuposa. Mu Epulo 2024 kunabwera ndalama inanso yatsopano ya ZiG, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho inatsitsidwa mphamvu ndi 40 peresenti ndi kupitirira. Munthu amene anayamba kusonkha ku NSSA mu 1994 ali ndi zaka 30 anakwanitsa zaka 60 mu 2024 atasonkha m'madola akale a Zimbabwe, m'madola odulidwa maziro katatu, m'madola a ku America, m'mabondi, mu RTGS ndi mu ZiG. Achinyamata a ku Glen View amene amapala mipando ndi ogulitsa kaunjika ku Mupedzanhamo anaona zonsezi zikuchitikira makolo awo, ndiye mukawauza zosunga ndalama za ukalamba amakuyankhani kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Amakonda chipereganyu cha madola, chimene iwo amati mukando, kapena kugula njerwa. Ine sindingawatsutse.

Papepala, nkhalamba ya ku Zimbabwe ndi yotetezedwa bwino. Lamulo la anthu achikulire la 2012 limanena za nzika za zaka 65 kupita m'tsogolo. Malamulo aakulu a dziko a 2013, m'gawo 82, amati wopitirira zaka 70 ali ndi ufulu wolandira chisamaliro, mankhwala ndi thandizo la ndalama kuchokera ku boma, malinga ndi chuma chimene boma lili nacho. Malamulo omwewo, m'gawo 43, anabwezera unzika anthu obadwira m'Zimbabwe kwa kholo la dziko la SADC, ngakhale lipoti la Amnesty International la 2021 linanenabe za anthu pafupifupi 300,000 amene ali pachiopsezo chokhala opanda dziko, ambiri chifukwa chosowa zikalata za makolo amene anafa kalekale. Chimene chimafika m'manja ndi china. Ndondomeko ya boma yogawa ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, yofanana ndi Mtukula Pakhomo wathu amene anayambira ku Mchinji mu 2006, inkapereka madola 10 mpaka 25 pa banja, m'maboma osankhidwa. World Food Programme inayamba kugawa ndalama ku Epworth mu 2019 n'kufalikira kwina, koma zimenezi zimayenda ndi nyengo ya opereka thandizo. Zonsezi zimafuna kuti munthu ayambe watsimikizira alembi kuti ndi wosaukitsitsa, ndipo nkhalamba yokhala m'nyumba yakeyake ya njerwa, ngakhale igone ndi njala, imaoneka ngati ili bwino.

Mayiko oyandikana nawo anasankha njira ina. Botswana inayamba penshoni ya okalamba onse mu 1996. Lesotho, dziko losauka la anthu opita kumigodi ngati ife, inayamba mu 2004 kwa aliyense wa zaka 70, ndi ndalama zake zomwe, ndipo Zanzibar inatsatira mu 2016. Ku Namibia, kumene penshoni yotere inalipo kale, mipingo ndi mabungwe motsogozedwa ndi Bishopu Zephania Kameeta anapita patsogolo n'kuyesa kupatsa munthu aliyense wa m'mudzi wa Otjivero madola 100 a ku Namibia pamwezi mu 2008 ndi 2009, kupatula okhawo olandira kale penshoni. Ndalama yopatsa nzika iliyonse, mwana ndi wamkulu yemwe, ndi katundu amene Zimbabwe ya lero singasenze, ndipo kuisindikiza kungakhale kubwereza 2008. Penshoni ya okalamba ndi nkhani ina, chifukwa opitirira zaka 70 ndi kagulu kochepa m'dziko la achinyamata. Ubwino wake waukulu m'dziko ngati ili ndi wakuti sidalira ndalama yosungidwa zaka 30. Imachokera ku msonkho wa chaka chino n'kulipidwa chaka chino, kotero ngakhale ndalama itasintha dzina, palibe nkhokwe yoti ipse. Sifunsa kuti unagwira kwa yani, ndiye wophika, wochapa ndi wogulitsa makala onse alowamo. Msonkho wake anthuwa akupereka kale, poti mu Okutobala 2018 boma linayamba kudula 2 peresenti pa ndalama zotumizidwa pafoni ndi pa banki, kuphatikizapo zimene mdzukulu amatumizira agogo ake pa EcoCash. Chimene chingawatsekerenso machona kunja ndi chitupa. Lamulo likadzati nzika zokha, m'malo moti aliyense amene wakhala m'dzikomo zaka zambiri, mdala wobadwira ku Ntcheu amene anafika ku Salisbury mu 1958 adzamanidwa kachitatu.

Kubwerera ku Malawi sikuthetsa kanthu. Ifenso tilibe penshoni ya okalamba onse, ndipo lamulo lathu la 2011, loti bwana azisonkha 10 peresenti ndi wantchito 5 peresenti, linakhudza olembedwa ntchito okha, monga NSSA. Chimene chikusunga nkhalamba za ku Mabvuku lero ndi zipinda za lendi, zimene anamanganso Murambatsvina itadutsa, ndi adzukulu amene ali ku Johannesburg, ku Gaborone ndi ku London, otumiza pa Mukuru mwezi ukatha. Banja limene linayamba ndi mnyamata wochoka ku Dedza likudyetsedwa ndi mtsikana wochoka ku Harare, amenenso kumene aliko alibe thumba la ukalamba wake.

Za kubwezera aja a 2009, malamulo ake anatuluka mu 2023, m'chikalata cha boma nambala 162, patapita zaka zisanu ndi chimodzi chiperekereni lipoti la Smith. Thumba lililonse linauzidwa kuti liwerengere amene linawalakwira n'kupereka ndondomeko yake ku IPEC, ndipo boma linalonjeza madola 175 miliyoni ngati gawo lake. Ntchitoyi inakakamira pa mabuku, poti mathumba ambiri ananena kuti alibe mbiri yokwanira ya amene anasonkha zaka zimenezo, ndipo makampani ena amene anthuwo ankagwirako anatsekedwa kalekale. Munthu amene anapuma mu 2009 ali ndi zaka 60 anali ndi zaka 74 pamene malamulowo ankatuluka. Ngati anamwalira, odzafunsa ndi mkazi wake kapena ana, ndipo adzafunika kuonetsa chikalata cha imfa, chikalata cha ukwati ndi chitupa chogwirizana ndi dzina limene kalaliki wa kampani analemba m'ma 1970, nthawi imene Anyasa ambiri ankalembetsa ntchito ndi dzina lina losiyana ndi la kwawo.